Nkhwangwa Yobwereka Tsopano Imamwa Dizilo

Makolo athu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Vuto silinali chitsulo ayi. Nkhwangwa yomweyo mwiniwake watema nayo mibanga zaka ndi zaka osagwedera m'mpini, koma iwe ungoigwira, pa kamtengo koyamba kenikeni, mutu wake uwo waulukira m'tchire. Ubwerere kwa mwini uli ndi mpini kumanja, chitsulo kumanzere, nkhope yogwa. Mlandu unkathera pomwepo: kupepesa, kusema mpini wina, mwina kankhuku kamodzi ngati mwini nkhwangwayo ndi wolongolola.

Masiku ano nkhwangwa ija inakula. Ili ndi injini, imalemera matani pafupifupi 20, imayenda pa unyolo, ndipo kuti ifike kumunda kwako imachita kuberekedwa pa chilole chachitali chotchedwa lobedi. Sitiibwerekanso ndi "zikomo" ndi kuwomba m'manja. Timachita hayala, kulipira pa ola. Dzina lake ndi buludoza. Khalidwe lokha ndiye silinasinthe.

Ife a m'makomboni a Lusaka buludoza sitinakule nayo monga bwenzi. Kanyama, George, Chawama ndi Kalingalinga anayamba monga malo amene boma silinkawawerengera, mpaka lamulo la 1974 linatsegula njira yoti makomboni ena avomerezedwe ndi kukonzedwa. Agogo athu buludoza ankaidziwa monga mlendo wofika m'bandakucha, apolisi ali pambuyo. Ngakhale lero mwana akathamanga n'kukuwa kuti "buludoza yabwera!", anthu amayamba atola mapepala a nyumba ndi TV, kufunsa kumabwera pambuyo. Ndiye mumvetse chimene chimachitika mumtima mwa mwamuna wa ku Kanyama tsiku limene waima yekha patchire, chipewa pamutu, akuloza ndi chala, chimakinacho n'kumapita kumene iye waloza. Ndalama zambiri zimene amalipira amagulira mphindi imeneyo. Zina zonsezi ndi zowonjezera chabe.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndi mmodzi wa amuna oterewa. Amagulitsa zitsulo za panyumba m'kasitolo kawo, ndipo monga aliyense wa mu Lusaka amene wasungako kangachepe, anadwala matenda a famu. Matendawa ali ponseponse. Kwerani minibasi ya ku Matero kapena ku Mtendere, mumva wina akunena pafoni mokweza kuti basi yonse imve: "Ndili ndi kamalo ku Chongwe." Wina ku Chibombo, wina ku Shibuyunji. Ambiri mwa malowa ndi a mafumu, ndipo malinga ndi lamulo la malo la 1995, kuti asanduke a taitolo pamafunika chilolezo cha mfumu yaikulu ndi cha khonsolo. Ku Chongwe ndiye kuti nthawi zambiri nkhani iyenera kudzera kwa Mfumu Nkomeshya Mukamambo II ya Asoli. Koma m'minibasi zimenezi sazitchula. Kakalata ka anyakwawa kokhala ndi chidindo chofufutika kale kamakwana kuti munthu ayambe kutchedwa "a fama".

Chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024 chinawonjezera matenda ena pamwamba pa oyambawo. Chimanga chinapsa m'minda, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumabwera monga mlendo wa usiku. Kuyambira pamenepo famu yopanda damu inaleka kukhala famu. Ndipo damu likalowa m'mutu, nsomba sizichedwa kutsatira. Alamu anaona mmene anthu amafolera pogula nsomba za Yalelo, zoweteredwa m'makhola a pamadzi ku Siavonga, anawerengera pa kapepala ka lisiti, n'kupeza kuti pofika Khirisimasi adzakhala atagula Hilux.

Apa ndiye pamene ine ndimaseka ndekha. Munthu wa ku Kanyama kulipira ndalama kuti apeze dziwe! Komboni yathuyi inakhala pa thanthwe la laimu, malo ake ndi athyathyathya, madzi apansi ali pafupi, mvula ikangolimbikira madzi alibe kolowera. Achikulire amakumbukirabe chigumula cha 1978. Ife ana a pambuyo sitifunikira kukumbutsidwa, chifukwa dzinja lililonse timadumpha pa njerwa ndi matayala kuti tikafike ku Los Angeles Road, nsapato zili m'manja. Ku Misisi kuli Ngwenya Dam, chidzenje chimene anthu anakumbamo miyala, chinadzaza chokha ndipo palibe anachipempha. Pakati pa 2013 ndi 2018 boma la America linaika madola 355 miliyoni pa ntchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande mu Lusaka, kuphatikizapo chingalande cha Bombay, ndipo mbali ina ya ntchitoyo inali kuthamangitsa madzi mumzinda. Dziko likulipira kuti madzi achoke, alamu akulipira kuti madzi abwere, ndipo onse awiri madziwo sawamvera.

Tsopano mverani mmene nkhwangwa ya masiku ano imabwerekedwera. Eni makina amakufunsa funso limodzi laulemu: "Mufuna weti kapena dirayi, a bosi?" Weti ndiye kuti mafuta ali pamtengo womwewo. Dirayi ndiye kuti dizilo ugula wekha. Mtengo wa dirayi umaoneka wochepa, ndipo mwana wa m'komboni aliyense anaphunzira ku Soweto Market kuti wanzeru amatenga chotchipa. Alamu anatenga dirayi. Sanafunse kuti chinthucho chimamwa bwanji. Buludoza ya msinkhu wa Caterpillar D6 ikamakankha zenizeni imatha malita 20 kapena kupitirira pa ola limodzi. Lobedi nayo ili ndi mtengo wake, popita ndi pobwera, ndipo imalipidwa chimakina chisanakhudze ndi dothi lomwe. Akuluakulu ena amapita ku Zambia National Service, imene ili ndi nthambi yake ya makina olambula minda ndi kukumba madamu. Alamu anati kumeneko kuli mapepala ambiri, iwo ali ndi mnzawo wodziwa munthu wina amene amadziwa mwini buludoza.

M'chimakinamo muli kawotchi kowerenga maola. Kawotchi kameneka n'kachilungamo koopsa: injini ikangolira, iko kayamba kuwerenga. Sikadziwa kusiyanitsa ola lozula chitsa ndi ola limene dalaivala akuyankha foni ya akazi ake. Dalaivalayo ndiye mfumu ya pamalopo. Alamu, amene ku sitolo kwawo amakalipira anyamata, anayamba kumutcha "amalume" ngakhale anali mwana wa dzulodzuloli. Amalumewo sadya ndiwo zamasamba, akuti zimawapatsa chizungulire akakwera pamwamba. Nkhuku za m'mudzi woyandikana nawo zinayamba kuchepa, mtengo wake n'kukwera. Dizilo m'migolo nayenso ankachepa usiku, chimakina chili gone. Sindikuloza munthu chala. Ndingonena kuti chigayo cha m'mudzimo sichinayambe chaliranso mokondwa chotero.

Ntchito yolambula inayenda, sindinganame. Tchire limene anthu khumi akanalimbana nalo nyengo yonse linagwa anthu akuonerera, ana a sukulu atathawa m'kalasi kudzaona. Koma buludoza sidziwa mtengo ndi dzina. Msuku, mombo, muwanga, mpoza, zonse kwa iyo ndi zopinga njira. Gogo wina anabwera n'kuima m'mphepete, manja kumbuyo, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mwanawe, nanga masuku aja mwawasamutsira kuti?" Alamu anayankha za chitukuko. Gogoyo anangoti "chabwino" wa mtundu uja umene umatanthauza kuti sizili bwino. Ine ndili mbali ya gogoyo. Pansi pa mitengo imeneyo ndi pamene pankamera bowa amene timagula m'mabeseni m'mphepete mwa Great East Road, n'kumadandaula kuti wadula.

Chinanso chimene kawotchi kaja sikanena n'chakuti chitsulo chakutsogolocho chikatsika pang'ono chabe, chimasenda dothi lapamwamba, lakuda, lomwe lili ndi chonde, n'kukaliunjika kumalire limodzi ndi zitsa. Munda umatsala woyera bwino, wosalala, wokongola pa chithunzi, koma ndi dothi lapansi limene chimanga chimamera chachikasu. Dalaivala waluso amaika dothi lapamwamba pambali kuti adzalibwezere. Kubwezerako ndi maola enanso, ndipo maola ndi ndalama.

Kenaka tsiku lija linafika, limene makolo analinena kalekale. Chimakina chinakwera pa chitsa, chinapendekeka, panamveka phokoso, unyolo wa mbali imodzi uwo waguluka. Amalume anazimitsa injini, anatsika, anayang'ana, n'kukakhala pamthunzi wa mtengo umodzi umene anali asanaugwetse. Makaniko anayenera kuchokera ku Lusaka, ndipo thiransipoti yake ndi ya wobwereka. Atafika anapeza kuti palinso kachitsulo kena kothyoka, ndipo kameneko "kakubwera kuchokera ku Johannesburg". Mu Lusaka chilichonse chimene munthu sakudziwa tsiku lake chimakhala chikubwera kuchokera ku Johannesburg.

Kusiyana kwa kale ndi lero kuli apa. Kale mwini nkhwangwa ankati, "Musadandaule, inali itatopa kale." Lero mwini buludoza amatulutsa kapepala kamene unasaina osawerenga, n'kukuonetsa pamene palembedwa kuti chowonongeka chifukwa cha malo ogwirira ntchito ndi mlandu wa wochita hayala. Chitsa ndi chako, munda ndi wako, ndiye unyolo waguludwa ndi iwe, ngakhale unali utaima patali ukudya chinangwa. Mpini sungauseme wekha. Ndalama ya chilimba imene mlongo wanga analandira mwezi umenewo inapita ku Johannesburg, ndipo chotsala alamu anakachipeza kwa a kaloba.

Za dziwe lenilenilo ndi zachidule. Anthu odziwa amati usanaitane makina, kumba kadzenje ndi khasu, uthiremo madzi, ubwere m'mawa uone ngati alipo. Kapena tapa dothi lonyowa, uumbe kampira, ukaponye m'mwamba n'kukawakha: kakaphwanyika, pamenepo ndi mchenga, nsomba zako zidzaphunzira kuyenda pansi. Dziwe limafuna dongo, ndipo khoma lake limamangidwa pang'onopang'ono, dothi lochepa, kulitsendera, lina pamwamba, kulitsenderanso. Alangizi a za nsomba a m'maboma amanena zimenezi kwa aliyense wowafunsa. Ukafuna kutchinga mtsinje, palinso a WARMA, amene lamulo la madzi la 2011 linawapatsa mphamvu pa zilolezo. Alamu malo a dziwe anawasankha mwa njira ina. Anaima pamene padzakhale khonde la nyumba imene sanaimange, n'kuloza pamene dzuwa limalowera kuti madziwo azidzawala bwino madzulo akamamwa tiyi.

Mvula itagwa, dziwe linadzaza. Zithunzi zinayenda pa WhatsApp ya banja, pa Facebook, mpaka kwa azibale a ku Chipata amene anayamba kale kufunsa ngati pali ntchito ya ulonda. Tiana ta nsomba tinagulidwa m'mapulasitiki odzaza mpweya, n'kutsanuliridwamo ndi pemphero. Sipanapite nthawi, madzi anayamba kutsika. Alamu anati ndi dzuwa. Anatsikanso, anati ndi ng'ombe za m'mudzi. Atafika m'akakolo, akakowa anabwera kudzathandiza pa zokolola.

Nyengo yomweyo ku Kanyama madzi anali atalowa m'nyumba mwawo, mipando ili pamwamba pa tebulo, thumba la ufa lili pa wadiropu. Mlongo wanga, ataima pabalaza madzi ali m'mawondo, chitenje atakwinyira m'chiuno, anayang'ana amuna ake n'kunena mofatsa kuti, "Atate ake mwana, bwanji nsomba zotsalazo mubwere nazo kuno? Dziwe ili silinatidyere ngakhale ngwee imodzi, ndipo silikuphwa." Alamu sanayankhe. Anatenga ndowa n'kuyamba kukapa.

Musaganize kuti anagwa ulesi. Mwamuna amene analozapo buludoza ndi chala sabwereranso kukhala munthu wamba. Tsopano akuti vuto linali laling'ono: pangofunika chipulasitiki chakuda chija choyala pansi pa dziwe, mjigo wakuya, ndi pampu ya sola. Awerengeranso pa kapepala ka lisiti, Hilux yangosunthira ku Khirisimasi inayo. Anandiyimbira kuti, "Alamu, mukalowetsapo kangachepe mudzakhala dayilekita." Ndinawauza kuti netiweki ikuvuta.

Pakadali pano dziwelo silikukhala chabe. Anyamata a m'mudzimo anapeza kuti pansi pake m'posalala kuposa bwalo la kusukulu, ndipo makoma ake amabweza mpira, palibe wothamangira kutchire kukautola. Oonerera amakhala pamwamba pa khoma, miyendo ili lendelende, amayi n'kumagulitsa zitumbuwa ndi munkoyo. Loweruka lina alamu atafika kudzayeza za chipulasitiki chija, anapeza masewero ali mkati, ndipo anachita kudikira kuti hafu yoyamba ithe. Kapitawo wa timuyo anabwera, anavula kapusi, anawathokoza m'malo mwa achinyamata onse a m'deralo. Kenaka anapempha kuti buludoza ikadzabweranso, amalume aja adzasalazeko golo la kum'mawa, chifukwa pali kachulu kamene kakusokoneza agoloboyi.