Yoyenda paliponse yabwera chobelekedwa

Kuno ku Naisi kwafika galimoto yoyenda paliponse: m'matope, mumchenga, ngakhale kukwera phiri la Zomba chobwerera m'mbuyo. Ine wosadziwa zamagalimoto ndinkayesa chilombo chotere chimabwera chokha. Ayi ndithu. Chinakwera sitima ku Japan mpaka padoko la Dar es Salaam, kenako chinabelekedwa pa lole makilomita oposa 1,500, kudzera pachipata cha Songwe pomwe msonkho unaperekedwa mwaulemu wonse. Akuti chikanadziyendera chokha mu M1, maenje akanachipweteka.

Chifikireni, bwana mwini galimotoyi amaitsuka m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa amaisiya m'mbali mwa tala wa M3, iwo n'kukwera kabaza kupita kunyumba. Musawaseke, abale anga. Matope a ku Domasi sadziwa kuti chinthu chagulidwa ndi madola. Ndipo kupirira ili nako galimotoyi: dizilo akasowa imagona pamzere usiku wonse osadandaula.

Pamene izi zili chonchi, ka Sienta, kamene a Toyota anapangira mabanja a m'tauni, n'kamene kakuwoloka mitsinje ndi anthu khumi, matumba a mpunga ndi dengu la matemba a ku Chilwa. Mwina mapepala a magalimoto awiriwa anasinthana padoko.

Ife okwera Sienta tikaidutsa yoyenda paliponse ija itaima m'mbali mwa tala timaiseka mpaka misozi. Tikatha kuseka, aliyense amanong'oneza mnzake kufunsa kuti yotereyi mpaka kufika pa Songwe ndi ndalama zingati.