Chikomekome cha Ampulifaya, M'kati Muli Nyerere

Ampulifaya ndi makina okuza mawu ochokera mu foni, wailesi kapena kompyuta kuti akhale ndi mphamvu yogwedeza masipika. Masipika ataliatali oimika pansi, omwe m'nyumba zina ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo amalemekezedwa kuposa mlendo, salira popanda makinawa. Tsoka lake ndalama zambiri zimathera pa masipikawo, ampulifaya n'kugulidwa ndi zotsala. Pamenepo m'pomwe mwambi wa makolo umapezera ntchito: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhuyu ya makono imakhala ndi timagetsi tothwanima, zopotokola zambirimbiri, ndi malembo akuluakulu pakatoni akuti 5000W PMPO. Nambala imeneyi imanena za mphamvu ya kanthawi kosakwana kuphethira, ndipo wopanga aliyense amaiwerengera momwe wafunira. Nambala yodalirika ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu yomwe makinawo amatulutsa mosalekeza. Kung'amba nkhuyuyo n'kosavuta: kumbuyo, pafupi ndi chingwe cha magetsi, kumalembedwa mawati omwe makinawo amadya. Ampulifaya yodya mawati 60 kukhoma singatulutse 5000, ngakhale wogulitsa alumbire pali malemu agogo ake.

Chachiwiri ndi ma ohm, omwe amalembedwa kumbuyo kwa sipika. Ambiri amakhala a 4, 6 kapena 8. Nambala ikachepa, sipika imakoka magetsi ambiri, choncho ampulifaya yolembedwa 8 yokha imavutika ndi sipika ya 4. Masipika awiri a 8 akalumikizidwa pamalo amodzi amasanduka 4, awiri a 4 amasanduka 2. Ichi n'chifukwa chake tsiku la chinkhoswe, pomwe masipika obwereka m'nyumba zitatu amamangidwa pa kaampulifaya kamodzi, gule amatha nsima isanapse, fungo la waya wopserera n'kupambana la ndiwo.

Ambiri amaopa ampulifaya yaikulu, koma yaing'ono nayo imaononga. Ikapotokoledwa mpaka kumapeto, mawu amayamba kukhadzuka, ndipo kukhadzukako kumaotcha twita, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala. Chanzeru n'kusankha ampulifaya yomwe RMS yake ikufanana ndi ya sipika kapena kuposerako pang'ono. Kuthamangira mawati ochuluka nakonso n'kutaya ndalama, chifukwa kuchoka pa 50 kufika pa 100 kumangowonjezera madesibelo 3, kusiyana komwe khutu limamva pang'ono chabe. M'nyumba ya lendi ku Mgona kapena ku Area 23, mawati 40 enieni mbali iliyonse ndi okwanira kuitana alandilodi asanaitanidwe.

Wochepekedwa m'thumba amapindula ndi katundu wogwirapo kale ntchito, yemwe amapezeka ku Old Town ndi kwa amisiri okonza mawailesi m'misika ya m'makomboni. Ampulifaya yakale ya Pioneer, Yamaha kapena Sony yokandika pamwamba nthawi zambiri imagonjetsa yonyezimira yopanda dzina. Komabe pali zofunika kufufuza. Magetsi a m'Malawi ndi a mavoti 230, pomwe makina opangidwira ku America amafuna 120 ndipo a ku Japan 100. Oterowo akalowetsedwa kukhoma popanda thiransifoma amaimba kamodzi kokha. Ndalama isanatuluke m'thumba, mbali zonse ziwiri ziyesedwe, voliyumu ipotokoledwe kuti imveke ngati ikukhwekhwereza, ndipo makinawo alire kwa kanthawi kuti aoneke ngati akutentha msanga. Wogulitsa akati magetsi azima, wogula abwerenso mawa.

Ndalama yomaliza isungidwire waya wa kopa wonenepa bwino ndi kachida kotchinga magetsi obwera mwamphamvu akayakanso, poti kachidako n'kotchipa kuposa kukonzetsa. Ampulifaya iikidwe pamalo opita mphepo. Kansalu koluka komwe amayi apanyumba amakonda kuyala pamwamba pake, ndi duwa lapulasitiki pakati, kamatseka mabowo otulukira kutentha, choncho malo a kansaluko ndi patebulo.