Kaundula wa Ndalama za Pakhomo: Phiri la M'chipinda cha Alendo

Wolemba: amake Yamikani. Mwini ntchito: bambo ake a Yamikani. Mtengo umene mwini ntchito ananena poyamba: palibe, chifukwa zonse zikhala zotolatola.

ZOTULUKA

Galimoto yoyendera rimoti, Axial SCX24: K0. Inachokera ku Johannesburg, mphatso ya amalume ake kwa Yamikani. Ndi yaing'ono ka 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, ndipo matayala onse anayi amakoka. Siyothamanga. Ntchito yake ndi kukwera miyala, gudumu limodzi limodzi, ngati bilimankhwe. Yamikani amaloledwa kuonerera.

Mabatire anayi a AA a rimoti: K6,000. Oyamba anachotsedwa mu wailesi. Awa ndi obwezera mu wailesi.

Pulayiwudi, mamita 2.4 mulitali, 1.2 mulifupi: K45,000. Ndiye maziko. Msewu wonse watchedwa Rubicon, potengera njira ya miyala ya ku California, pafupi ndi Lake Tahoe, imene ndi yotalika makilomita pafupifupi 35. Wathu ndi wa mamita 2.4, monga talembera kale.

Kalipentala woika miyendo: K5,000. Anafunsa ngati ndi khola la akalulu. Anauzidwa zoona. Sanafunsenso china.

Wakabaza wonyamula thabwa: K4,000.

Zoyera zija zimene zimatchinga filiji m'katoni, zoumbira phiri: K0.

Penti wopopera, wotuwa: K9,000. Mankhwala osungunulira amene ali mu penti wotere amadya zoyerazo. Phiri loyamba linasanduka chigwa tikuona.

Penti wa madzi, amene sadya kanthu: K12,000.

Guluu wa matabwa: K7,500. Amapakidwa pamwamba n'kuwazapo mchenga kuti matayala azigwira. Mchenga: K0. Tsopano ukupezeka m'nyumba monse, nawonso waulere.

Simenti yokutira phiri lachiwiri, makilogalamu 5: K0 malinga ndi mwini ntchito, popeza thumba linalipo kale. Thumbalo linali la makilogalamu 50, la khonde. Linasiyidwa chotsegula m'dzinja. K30,000. Lasanduka mwala, ndipo akuti mwalawo udzagwira ntchito pa gawo lachiwiri.

Miyala: K0. Ana okatola kudambo: K2,000. Limodzi mwa mafuwa atatu a kukhitchini ya panja linaoneka kuti lili ndi mbali yabwino yokwerapo. Poto wa nyemba akukhala pa mafuwa awiri ndi njerwa.

Mlatho wolendewera: K0. Nsungwi zake zinachokera ku lichero limene akuti linali lakutha. Lichero latsopano: K3,000. Chingwe chatsopano choyanikira zovala: K3,500.

Mawilo a mkuwa, anayi: K38,000. Galimoto imagudubuzika chagada ikafika pa malo otsetsereka kwambiri, chifukwa kulemera kwake kumakhala m'mwamba. Mkuwa umatsitsira kulemerako pansi. Funso linaperekedwa loti bwanji osangochepetsa phiri. Yankho linali loti phiri silichepetsedwa.

Batire lachiwiri la LiPo, la mavoti 7.4: K25,000. Loyamba likamatchajidwa, m'nyumba mumakhala munthu wamkulu wopanda chochita, ndipo amayamba kuyeza makoma a pabalaza. Ndalama iyi inavomerezedwa mosavuta.

Mphika wa dothi: K4,000. Batire la mtundu umenewu likabooka kapena likatchajidwa mopyola limatha kuyaka, choncho limatchajidwira m'chinthu chosagwira moto, munthu ali pomwepo. Mphika wa ndiwo za masamba unasankhidwa pa udindowu. Uwu ndi wolowa m'malo.

Matiresi opyapyala: K56,000. Chipinda cha alendo mulibenso malo a mlendo. Apongozi atabwera anagona pabalaza. Anaonetsedwa phiri. Anati n'zokongola, kenaka anafunsa ngati mwana wawo akadali pa ntchito.

ZONSE PAMODZI: K250,000.

ZOTULUKA MWEZI NDI MWEZI

Tiyi, shuga, buledi ndi majarini: K15,000. Loweruka lililonse kumabwera alamu, aneba a kuseri, ndi abambo ena a kutchalitchi. Amaima mozungulira thabwa, manja kumbuyo, n'kumalangiza. "Gudumu lakumanja likwere kaye, achimwene." "Mwafulumira." Kubwerera m'mbuyo n'kutaya mapointi, kugwira galimoto ndi dzanja n'kutaya ochuluka. Palibe amene wawerengapo magawo a buledi kupatula wolemba.

ZOLOWA

Mphoto za mpikisano: K0.

Lendi ya galimoto kwa mwini wake weniweni, Yamikani: sinalipidwe. Mlandu uli kwa amalume.

Ndalama zimene kale zinkatsala ku bawo ndi kumalo oyandikana ndi bawo, Loweruka masana mpaka usiku, ndipo tsopano zikugona m'nyumba: K40,000 pamwezi. Tikachotsa za tiyi, patsala K25,000.

MAWERENGEDWE

K250,000 kugawa ndi K25,000: miyezi 10. Kuyambira mwezi wa 11 phiri liyamba kubweretsa phindu, zimene nkhuku za chaka chatha sizinachite.

CHIGAMULO

Phiri likhale. Fuwa libwerere kukhitchini pofika Lamlungu. Yamikani apatsidwe rimoti Lachitatu lililonse akamaliza homuweki.

Pempho lalandiridwa logula Traxxas TRX-4M, yaing'ono ka 18, imene ndi yokulirapo ndipo ifuna mlatho wotakata komanso thabwa lina. Pempholi lidzaonedwa fizi ya teremu yachiwiri ikalipidwa ndiponso khonde likatha.