Dikirani Kaye Chipale Chisungunuke ku Kacholola

Aneba anga kuno ku Parklands adagula njinga ya m'mapiri, mtengo wake woti munthu n'kugula ng'ombe ziwiri ndi ngolo yomwe. Chigulireni sitikumwa madzi. Akufuna kupalasa kuchoka ku Kitwe mpaka kwawo ku Katete, ulendo wa makilomita oposa 800, koma akuti sanganyamuke chipale chofewa chisanasungunuke m'mapiri. Adazimva pa YouTube. Poti ndine munthu wachifundo, ndawalembera malangizo, ndipo nanunso a makabudula othina, amene mumatidutsa Loweruka m'mamawa mutawerama ngati mwataya ndalama, mungatolepo kanthu.

Lamulo loyamba, tsatirani kalendala ya azungu osaphonya tsiku. Ku France msewu wa pa Col du Galibier, mamita 2,642 m'mwamba, umatsekeka ndi chipale miyezi yambiri, ndipo amautsegula cha kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni. Mpikisano wa Tour Divide nawo umanyamuka ku Banff, ku Canada, mu Juni. Ndiye inunso imbani foni ku Rufunsa, mufunse mwaulemu ngati chipale chayamba kusungunuka. Akakudulirani, yesani ku Nyimba. Mapiri a Mafinga, omwe ndi aatali kuposa onse m'Zambia muno, safika ngakhale mamita 2,400, koma zimenezo zisakufooketseni. Mwina chaka chino chigwa.

Lachiwiri, mukatopa n'kudikira, nyamukani mu Febuluwale, muziti mukukaonerera Nc'wala ku Mtenguleni. Poti njingayo ndi ya m'mapiri, kuyenda pa tala n'kuinyoza, choncho patukani, mulowe njira zachidule za m'madambo. Kumeneko mukakumana ndi makande. Dothi limeneli likanyowa limamatira ku tayala, lina pamwamba pa linzake, mpaka gudumu kukanirira, tcheni kuuma, magiya onse aja kusanduka chokongoletsa. Mudachoka kunyumba mutakwera njinga, koma pamenepo njinga ikukwerani. Kamtsinje kamene ana amalumpha mu Seputembala mukakapeza katameza kamlatho, ndipo mukakhala tsidya lino kudikira madzi aphwe, uku mukufotokozera agogo ena kuti njingayo ndi yopepuka kwambiri. Adzakuyankhani kuti, "Ndiye isenzenitu, bambo."

Lachitatu, Febuluwale akakukanikani, sankhani Okutobala. Konzani bwino kuti mufike pa mlatho wa Luangwa, uja adautsegula mu 1968, dzuwa lili paliwombo. M'chigwa chimenecho kutentha kumafika madigiri 40 mwezi umenewu, ndipo mukawoloka mtunda wopita ku Kacholola ukukudikirani. Tengani kabotolo kamodzi ka madzi basi, poti mabotolo awiri amaononga maonekedwe a njinga pa chithunzi.

Za pampu, zigamba za chubu, nyale, ndi mathiraki a mkuwa amene amakupumirani m'khosi kuyambira ku Ndola mpaka ku Kapiri Mposhi, zisiyeni. N'za anthu wamba zimenezo.

Koma lamulo lalikulu, loti mulilembe pachitseko, ndi ili: musafunse wogulitsa makala. Akamadutsa pageti panu mbandakucha, matumba atasanjikizana kuposa mutu wake, akukuwa kuti "Malasha!", inu yang'anani pafoni. Angadziwe chiyani munthu wopanda chipewa cha njinga?

Apa ndiye pamandinyansa, nthabwala pambali. Bambo ameneyu amapalasa mwezi uliwonse wa chaka pa njinga ya giya imodzi, katundu wake wolemera kuposa mwini wake. Amadziwa njira imene imafa mvula ikangoyamba mu Novembala, ndi imene imayamba kuuma ikaleka mu Epulo. Mutamupatsa moni n'kumufunsa, angakuuzeni osalipira kuti njira za fumbi zimalimba bwino kuyambira mu Meyi, kuti Juni ndi Julayi ndi miyezi yabwino kupalasa malinga mutenge juzi ya m'mawa, ndiponso kuti mu Ogasiti mphepo imachokera chakummawa, ndiye wopita ku Chipata amalimbana nayo maso ndi maso. Ngakhale zili choncho, munthu wa ku Katete akadafuna, akadanyamuka pakati pa Ogasiti n'kukafika pa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mweziwo, msewu uli gwa, mitsinje itaphwa. Ofunitsitsa kuzizidwa apite ku Nyika mu Juni, pamwamba pa mamita 2,000, kumene chisanu chimayeretsa udzu usiku. Chisanucho chimatha dzuwa likangotuluka, osafuna kalendala.

Tibwerere ku malangizo. Lomaliza, ulendo ulengezeni pa Facebook miyezi isanu ndi umodzi usanachitike, ndi mapu, ndi chithunzi mutanyamula njinga m'mwamba pabwalo la nyumba yanu. Achibale ku Katete aphe nkhuku.

Dzulo ndidawapeza aneba aja pakhonde, akuona pafoni za nyengo ya ku Switzerland. Kunja kudali kutachita mdima wa mvula cha ku Riverside, ana akutola inswa pansi pa getsi. Ndidafunsa kuti ulendo uli liti.

"Aneba, zinthu zikuoneka bwino," adatero. "Sabata ziwiri zokha."

Panjingapo amayi akunyumba adali atayanikapo thaulo.