Nsima Yabwino Ilibe Chikwangwani

Munthu wa mu Lilongwe akhoza kukuuzani malipiro ake, matenda ake, ngakhale mudzi wa sing'anga amene anamuthandiza kukwezedwa pantchito, koma za kumene amadya nkhomaliro sangakuuzeni zoona. Mukamufunsa amayamba wayang'ana nsapato zanu. Zikakhala zonyezimira amatchula malo ena a ku City Centre kumene anadyako kamodzi pamsonkhano, olipira ali a bungwe. Zikakhala za fumbi amangoti, "Aaa, ife timangodya paliponse, achimwene," n'kuyamba za mpira. Zonsezo n'zonama. Malo ake ali nawo, ndipo ikamakwana 11 koloko mu ofesi mumatsala thupi lokha, mtima unanyamuka kalekale.

Tisanamizane, chimene timasakasaka masana si chongotafuna. Zotafuna zili ponseponse: tchipisi cha pachiwaya, zigege, mabanzi, chimanga chootcha. Izo n'zopusitsa njala. Mtima umafuna nsima yolimba yoti ukadya masana uzikaimvabe pokwera minibasi madzulo, nkhuku ya lokolo yoti ulimbane ndi fupa lake mpaka uiwale amene wakhala naye, nkhwani wotendera wosaumira nsinjiro, nyemba zopsa mpaka msuzi kuchita phalaphala, therere loti ukakweza mbamu lizikutsatira. Chakudya choti ukamaliza uiwale kaye kuti lendi sunalipire.

Kuti mupeze malo otere, yambani mwavomereza kuti mzinda uno sanaumange poganizira mlendo. Chikhalireni likulu la dziko mu 1975, Lilongwe ali ndi kawerengedwe kakekake: ukachoka ku Area 18 umadutsa ku 49 kuti ukafike ku 25. Ukafika ku 25 komweko, dzina la msewu palibe amene amalitchula. Wokulozerani njira amati, "Mukatsike pa Nsungwi. Mukaona owotcherera mageti musakhote. Mupitirire mpaka pamene panali mtengo wa mango waukulu paja." Mtengowo anaudula inu musanabwere m'tauni. "Ndiye mukafunse kwa amayi aja." Amayi ake ati? "Aaa, aliyense akuwadziwa."

Mnzanu wa kuntchito musamufunse. Adzakutumizani kwa alamu ake amene atsegula lesitilanti sabata yatha ndi ndalama za banki mkhonde, ndipo mukadzangoti nyama inali yosapsa mwayambitsa mlandu wa pachibale. Pa Facebook napo ayi. Kumeneko anthu amadya ndi maso, mbale amaijambula mbali zonse mpaka nsima kuzizira. Funsani anthu amene amalipira ndi ndalama ya thukuta ndipo alibe nthawi ya manyazi: akabaza, makondakitala, amakaniko, madalaivala a malole amene amagona pamzere ku Kanengo nyengo ya fodya. Kondakitala sabwereranso kumene anam'patsa nsima yamadzi. Koma katswiri pa onse ndi dalaivala wa bwana. Ameneyu amadziwa kumene bwana amanena kuti amadya, amadziwanso pakona pamene amam'tsitsa n'kuuzidwa kuti, "Ubwere 2 koloko, ndili ndi kamsonkhano."

Chikwangwani chikakula, chenjerani. Pamalo pamene alemba dzina lachingerezi lalitali, n'kujambula chambo chonenepa kuposa mbuzi, mndandanda wa zakudya n'kudzaza khoma lonse, nkhani imayenda chonchi:

"Chambo chilipo, asisi?"

"Changotha kumene, bwana." Apo n'kuti 12 koloko itangokwana, ndipo m'nyumba monsemo wodya ndinu nokha.

"Nanga lokolo?"

"Apita kukagula."

"Mang'ina?"

"Amakhalapo Loweruka."

"Lero ndi Loweruka."

"Eee, koma ophika ake sanabwere."

"Ndiye chilipo n'chiyani?"

"Zonse zilipo, bwana, inu mungotchula."

Mumathera pa mazira okazinga ndi kabichi.

Ndiwo nazo m'tauni muno zimabatizidwa. Nsomba iliyonse yotambalala ndi chambo, ngakhale makumba a padamu amene nyanja sanaionepo, ndipo nthawi zonse "chafika m'mawa uno kuchokera ku Salima," ngakhale mu Novembala ndi Disembala pamene boma limaletsa makoka panyanja kuti nsomba ziswane. Mpunga uliwonse ndi Kilombero. Ukanakhala kuti wonsewu umachokeradi ku Karonga, bwenzi anthu akumeneko akugona m'mitengo posowa pomanga nyumba. Lokolo ndiye musanene. Nkhuku yoikira mazira ikakalamba n'kupumitsidwa ntchito imalimba nyama, ndipo kulimbako ndiye chiphaso chake: imalowa mumphika ili ya pafamu, imatuluka ili ya kwa agogo ku Dowa.

Malo enieni mumawadziwira nsalu yapakhomo yothimbirira ndi utsi, mbaula zoyaka kuseri, ndi njinga zamoto zoimikidwa mwachisawawa panja. Dzina alibe. Amatchulidwa ndi chimene ayandikana nacho: kuseri kwa chigayo, pafupi ndi okhoma zidebe. Pakhomo pamakhala ndowa ya kampopi ndi kachidutswa ka sopo komangirira chingwe kuopa kuti kangaperekeze makasitomala. Ndowayo muziiyang'ana ndithu, ndipo apa sindikuseka. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, choncho pamene anthu akusambabe m'manja m'beseni limodzi mupitirire, ngakhale fungo la mbuzi likukokeni malaya.

Mwini malo saseka, ndipo mfundo imeneyi musaiiwale. Mayi amene akukulandirani mano onse ali panja, "Takulandirani bwana, khalani apa bwana," ali ndi nthawi, pamene wophika bwino nthawi alibe. Mayi weniweni amakuyang'anani kamodzi, chipande chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Woyera, mgaiwa?" Mukachedwa kuyankha amafunsa wakumbuyo kwanu.

Pamenepo udindo wa kuntchito umatsala panja pamodzi ndi njinga zija. Udindo wa pano umaonekera m'mbale. Mlendo amalandira khosi kapena phiko, ndipo asadandaule, ndi mayeso amenewo. Akapirira amakwezedwa kufika pa chiganga. Ntchafu ndi ya anthu amene anayamba kudya pamalopo denga lisanakhale la malata. Nthutumba, imene kumudzi ndi ya bambo wa pakhomo, kuno sioneka n'komwe. Imasungidwa m'kambale kovundikira, ndipo za amene amaidya benchi yonse imakambirana monong'ona. Tsiku limene mayi adzakuthirireni msuzi wowonjezera musanapemphe, dziwani kuti mwakhazikika mu Lilongwe. Mapepala a poloti adzangochitira umboni.

Pali mayeso enanso amene amuna amadzipatsa okha popanda owatuma, a tsabola wa kambuzi. Wina akaluma mmodzi, woyandikana naye amaluma awiri. Onse misozi ili chuchuchu, mphuno zikutuluka thukuta, koma akugwirizana kuti kambuzi wa masiku ano sawawa.

Cha m'ma 1 koloko kumafika mabwana. Kumsika wa ku Area 13 kuli nsima yabwino ndithu, ndipo ndi pafupi ndi Capital Hill, koma kumeneko kumadya unduna wonse, ndiye bwana amalolera kuwotcha mafuta kuti akadye kumene sakudziwika. Galimoto amaisiya patali, pafupi ndi sitolo ya mankhwala, kuti woiona aziti akudwala, asaganize kuti ali ndi njala. Tayi amavula, chitupa cha kuntchito chija amachibisa m'thumba la malaya, chingwe chake chikulendewera panja. Amalowa akuyankhula pafoni mokweza za mamiliyoni kuti aliyense adziwe kuti wangodutsa. Tsoka ilo, pabenchi pakhala mesenjala wa ku ofesi kwake, dzanja lili m'therere.

"Aaa, bwana, mumafikanso kuno?"

"Ayi, ndi adokotala awa. Akuti shuga. Andiletsa zamafuta, akuti ndizidya mgaiwa ndi masamba basi."

"Pepani, bwana."

"Zikomo. Mayi, mgaiwa mitanda itatu, bonongwe, ndi mang'ina awiri. Muthireko kamsuzi ka mbuzi pamwambapo."

Mgaiwa umenewu ndi womwe uja bwanayu analumbira ali ku sekondale yogonera komweko kuti akadzayamba ntchito sadzaulawanso, pamodzi ndi nyemba zofumbwa zija. Anawerenga usiku ndi usana kuthawa mgaiwa, wakwera mpaka pamwamba, ndipo adokotala am'bwezera komwe anachoka. Bonongwe ndi chisoso zimene akugula pambale apazi, kunyumba kwake ku Area 43 amalipira mnyamata mwezi ndi mwezi kuti azizizula pakati pa maluwa n'kukataya kudzala.

Mabwana aakazi anachenjera kuposa apa, safika n'komwe. Amatuma mwana wa mu ofesi ndi kontena yokulunga m'nyuzipepala, n'kutseka chitseko ati ali pa Zoom. Chimawaulula ndi fungo la usipa lodzaza khonde lonse. Amene walimba mtima n'kubwera yekha ndi zikhadabo zogula amapempha foloko, ndipo benchi yonse imasiya kudya kuti ione mmene foloko ithere ndi therere.

Ozunzika koposa ndi achinyamata apachibwenzi. Mnyamata amapita ndi mtsikana ku Gateway Mall n'kugula pitsa ya ndalama zoti zikanadyetsa benchi yonse ya kuseri kwa chigayo. Aliyense amadya tizidutswa tiwiri, akupukuta pakamwa pafupipafupi. "Wakhuta, bebi?" "Kwambiri, ine sindidya zambiri." Akasiyana pasiteji, mnyamata amathamangira mang'ina ku Bwandilo, mtsikana akafika kunyumba amavundukula miphika yonse kufunafuna mkute, nsapato asanavule. Adzadziwana bwino chaka chachiwiri cha banja.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, a zikwangwani anamata timapepala pamitengo yakale. Mayi wa kuseri kwa chigayo sanathamangire kukweza. Iye anangosintha chipande. Mtanda unayamba kuphwa pang'onopang'ono, nthuli ya mbuzi n'kumabisala pansi pa tomato, mpaka odya okha anachita kupempha kuti, "Mayi, ingokwezani, koma mutibwezere chipande chakale chija." K5,000 ija itangotuluka mu 2022 tinkaopa kuiswa, lero imapita pankhomaliro osatsanzika. Chenji ndiye sichipezeka. "Mudzadyere mawa, bambo." Mawa mukabwera mumasiyanso china, ndipo umu ndi mmene munthu amasandukira kasitomala wa muyaya asanaganizepo n'komwe.

Malo abwino amafa ndi kutchuka. Wina wosasunga pakamwa amajambula mbale n'kuiponya pa TikTok, sabata yotsatira panja padzaza magalimoto. Mwana wa mayi amene ali ku koleji amabwera ndi nzeru: matailosi, mipando yapulasitiki, chikwangwani, dzina lachingerezi. Mayi amachoka pamoto n'kukakhala pakauntala kuwerenga ndalama, mthiko n'kusiyira atsikana olembedwa dzulo. Nsima imayamba kufewa, akabaza amasowa mmodzimmodzi, ndipo tsiku lina mudzamva mayi yemwe uja akumwetulira n'kumati, "Takulandirani bwana." Tulukani mwaulemu mukafunse kumene njinga zamoto zasamukira. Amene wapeza malo ake n'kutseka pakamwa musamuyese wankhanza, akuteteza ntchafu yake.

Chimene malo a matailosi sangakupatseni ndi kope. Mwezi ukadutsa pakati, malipiro atapita kwa eni nyumba ndi kwa akatapila, kope la mayi ndi limene limasunga theka la mzinda uno ndi moyo. Ndi kope la masamu la mwana wa pulayimale, lonona ndi mafuta, ndipo mayina enieni mulibe chifukwa mayi safunsa dzina. Amalemba zimene akuona: Atayi Yofiira, Adazi a Kubanki, Osamaliza Masamba. Masiku amenewa bwana salowa ali pafoni. Amapereka moni kwa aliyense, ndi mphaka yemwe.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ana ali bwanji? Nanga mwendo uja?"

"Uli bwino. Woyera, mgaiwa?"

"Mgaiwa. Komatu netiweki yavuta lero, ndimati ndikutumizireni pafoni..."

Mayi sayankha. Amapukuta manja pachitenje, n'kutenga kope pamwamba pa thumba la ufa, n'kunyowetsa chala, n'kumatsegula masamba mosafulumira. Kenako amaitana mtsikana wotsuka mbale kuseri, ndi mawu omveka mpaka kuchigayo:

"Iwe! Ashuga aja zafika mbale 7 kapena 8?"

"Ashuga ake ati, amayi? A galimoto yoyera kapena osabweza kontena aja?"

Tsiku limenelo bwana amalandira khosi, ndipo amalilandira ndi manja awiri. Mesenjala, amene amalipira kashi tsiku ndi tsiku, amamaliza ntchafu yake, n'kusamba m'manja, n'kuwerama pang'ono mwaulemu.

"Bwana, musavutike, ya lero ndakulipirirani. Mudzandiona pakutha pa mwezi."