Ziphuphu za mwana wa aneba

(Ku Ndirande, pa nyumba za lendi za mdadada. Ndi Loweruka m'mawa. Madzi akuthira mu ndowa pampopi. Wina akumenya chitseko mwamphamvu.)

NABANDA: Odi kuno! AnaChisale! Tulukani, muli momo, fungo la anyezi lakuululani!

NACHISALE: Ii, aneba, chitseko n'cha alandilodi ichi. Mwadzuka bwanji kaye?

NABANDA: Ndinadzuka bwino mpaka nditafika pachingwe. Taonani chitenje changa! Chatsopano, ndangochivala kamodzi ku ukwati wa ku Chilomoni. Mawanga awa ndi a chiyani? Mwandithirira jiki!

NACHISALE: Jiki ndimugula ndi chiyani pakati pa mwezi ngati pano? Tabweretsani. Hmm. Zala zisanu izi. Uyu ndi mwana wanga Tiyamike basi. Wadzola mankhwala ake a ziphuphu, n'kupukutira m'manja pa nsalu imene wayamba kuiona.

NABANDA: Ehee! Mwavomera nokha, popanda ndi mboni yomwe!

NACHISALE: Benzoyl peroxide amatero, amasulutsa nsalu. Ku famase anamuuza kuti akadzola azisamba m'manja, azipukutira tawulo loyera. Koma ana a masiku ano makutu ali ku foni.

NABANDA: Benzo chiyani? Ndiye mankhwala odya nsalu mukum'paka mwana kumaso? Chinkhoswe chake chatsala milungu iwiri, apongozi adzapeza nkhope kapena chitenje changachi?

NACHISALE: Khungu salisulutsa. Amapha tizilombo m'timabowo ta pakhungu. Paja nkhope imatulutsa mafuta ake. Mafutawo akachuluka n'kusakanikirana ndi khungu lakufa, kabowo kamatsekeka, tizilombo timaswana m'katimo, ndiye chiphuphu chimenecho. Woyamba amayamba ndi wa 2.5 kapena 5 peresenti, pang'ono pokha, chifukwa amaumitsa khungu.

NABANDA: Tamvani adokotala! Inu ku chipatala cha Gulupu kuja munkangokolopa, lero mwayamba kuyankhula maperesenti?

NACHISALE: Wokolopa amakhala ndi makutu, aneba. Ndakolopa kukiliniki ya khungu mpaka ndapuma pa ntchito.

NABANDA: Mwanayo vuto lake ndi mtedza. Tsiku lililonse chiponde, ndiwo zotendera. Komanso ndi magazi ofuna banja. Akangolowa m'nyumba ziuma zokha.

NACHISALE: Bwenzi a ku Mchinji onse ali ndi ziphuphu mpaka m'makutu, mmene amadyera mtedza muja. Ndipo amayi angati apabanja muno mu Ndirande ali nazo? Amazibweretsa ndi mahomoni. N'chifukwa chake zimabuka mwana akatha msinkhu, zimachulukanso akatsala pang'ono kupita kumwezi. Ngati pali chakudya chimene madokotala amachikayikira ndi zotsekemera zanu zija, ndi mkaka kwa anthu ena.

NABANDA: Chabwino. Benzo wanuyo wadzola kwa nthawi yaitali bwanji?

NACHISALE: Uno ndi mlungu wachitatu.

NABANDA: (Akuseka, akuomba m'manja) Wachitatu! Ndipo chipumi chikadali chokakala! Mafuta anga aja masiku atatu okha nkhope inali see!

NACHISALE: Musandiyambe dala pa nkhani ya mafuta anuwo. Ndinakhala chete chifukwa timatunga pampopi umodzi. Mankhwala enieni a ziphuphu amafuna milungu 6 mpaka 8 kuti uyambe kuona kusintha, ena mpaka miyezi itatu. Anu aja ofulumira muli chiyani? Botolo lopanda dzina, mumasakaniza usiku m'mbale yodyera.

NABANDA: Ndi chinsinsi cha bizinesi. Katundu wake amachokera ku Johannesburg.

NACHISALE: Chinsinsi chake timachubu tija mumataya kudzala? Ndinatola kamodzi. Panalembedwa clobetasol, pena betamethasone. Amenewo ndi ma steroid, dokotala amapereka pa matenda ena a khungu kwa masiku owerengeka. Ukadzola kumaso, poyamba kutupa kumaphwa, umati wapeza mwayi. Kenako khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabwera zambirimbiri zofanana msinkhu. Tiyamike anadzola mwezi umodzi, atasiya nkhope inkangootcha.

NABANDA: Ameneyo khungu lake n'lamwano. Makasitomala anga ena sadandaula.

NACHISALE: Adandaula bwanji poti akasiya zimawavuta, ndiye amabweranso kudzagula? Ndipo muli hydroquinone momo. Ku South Africa komweko mukukutamako analetsa zimenezi m'zodzoladzola mu 1990, ataona masaya a amayi akuda bii osabwereranso. Rwanda nayo inayamba kuzilanda m'misika mu 2018. Ife kuno tikadali pa nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola.

NABANDA: Mukunena ndani?

NACHISALE: Sindinatchule munthu. Ndangoyang'ana pansi.

NABANDA: Oho! Tafika poyang'anana? Chabwino, nane ndili ndi maso. Lamlungu masana pakhonde apa, ndani anam'goneka mwana pamwendo n'kumamufinya ziphuphu ndi zikhadabo, uku akuwerenga mokweza? Khumi ndi ziwiri, ndinamva ndili kubafa!

NACHISALE: Zija zinali zakupsa kale.

NABANDA: Zakupsa! Nanga madontho akuda ali patsayawo achokera kuti? Ine ndimaphoda akwati, ndikudziwa. Chiphuphu chosiyidwa chimapita chokha. Chofinyidwa chimasiya chidindo.

NACHISALE: (Motsitsa mawu) Pamenepo mwanena zoona. Dzanja limandiyabwa ndikachiona. Kufinya kumakankhira mafinya m'kati, ndipo khungu lakuda likatupa limasiya banga.

NABANDA: Bwerezani mokweza, pampopi sanamve. Nanga chinkhupule chija mumam'khulira nacho kumaso ndi sopo wochapira? Nkhope mwaiyesa poto?

NACHISALE: Tinasiya. Pano amasamba kumaso kawiri pa tsiku, ndi manja basi, sopo wofatsa.

NABANDA: Nanga mafuta a m'mutu aja mumam'thira mpaka kuyenderera? Tayang'anani pamene pali ziphuphu zambiri. Pachipumi, m'mbali mwa tsitsi. Kukatentha mafuta onse aja amatsikira kumaso. Duku la usiku lija anachapa liti?

NACHISALE: Ii, koma anaBanda, mumalowa ndi kuchipinda komwe?

NABANDA: Mpanda wake ndi wa bango. Tsono madonthowo mungom'paka mandimu, ayera pofika tsikulo.

NACHISALE: Mwayambanso! Mandimu amaotcha, ukayenda nawo padzuwa banga limadera kwambiri. Mankhwala otsukira mano nawonso chimodzimodzi. Madontho akuda amazilala okha pa miyezi ingapo, bola zatsopano zisamatuluke ndipo dzuwa lisamawamenye. N'chifukwa chake m'mawa amadzola mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30.

NABANDA: Aja amapereka kwa anzathu achialubino? Munthu wakuda ngati Tiyamike?

NACHISALE: Dzuwa la October silifunsa mtundu. Koma zipsera zokumbika zija, timaenje, mafuta sangazidzaze, ngakhale a ku Johannesburg. Ndipo chikatupa n'kumakula cholimba, monga zimachitira pakhutu lobooledwa kapena pachifuwa, amati keloid, chimenecho n'cha kuchipatala, amabaya jakisoni pomwepo. Osadula ndi lezala, chimabwerera chachikulu.

NABANDA: Timaenje tisiyireni ife odziwa. Inu mukanam'mata phoda wochindikala, pa chithunzi tonse tikanaonekera. Ine ndimayamba ndi kakirimu ka mtundu wa olenji, kadontho pabanga lakuda lokha. Kenako faundeshoni yofanana ndi khungu lake, osati yoyera ayi, yopyapyala, kumangogunda ndi siponji, osakhula. Phoda pamwamba pang'ono. Apongozi adzaona ngati anabadwa choncho.

NACHISALE: Pabotolo pakhale polembedwa kuti non-comedogenic, kutanthauza kuti satseka timabowo.

NABANDA: Ndikudziwa kuwerenga, musandiphunzitse ntchito.

NACHISALE: Ndipo siponji yanu ija yaphoda akwati a Ndirande yense isam'khudze. Mugule yatsopano. Usiku wake asambe zonse asanagone, ngakhale atatopa ndi kuvina.

NABANDA: Siponji yatsopano mtengo ukwera. Kodi bwanji sanam'patse amphamvu aja a usiku, adapalene? Mwana wa achemwali anga anam'thandiza.

NACHISALE: Amenewo pamodzi ndi tretinoin sapatsa munthu woyembekezera, kapena amene akufuna mimba posachedwa.

NABANDA: (Kachetechete) Ooo. Ndiye n'chifukwa chake chinkhoswe chafulumira?

NACHISALE: AnaBanda! Ndati amene akufuna! Pakamwa panupo mudzapita napo kwa amfumu!

NABANDA: Ine ndangofunsa ngati kholo. Tsono tamvani, sunthirani kuno. (Monong'ona) Pali mnzanga wina. Wakhala akudzola mafuta aja zaka ndithu. Pano masaya ayamba kuda, akaphonya tsiku limodzi nkhope imayabwa. Atani?

NACHISALE: Mnzanuyo amakhala kuti?

NABANDA: Kutali. Ku Bangwe.

NACHISALE: Mukamuuze asangosiya lero ndi lero, nkhope ingamuukire. Atenge timachubu tonse apite nato kukiliniki ya khungu ku Gulupu, akamuuza mosiyira pang'onopang'ono. Asakaname kuti amadzola Vaseline, amaona okha.

NABANDA: Pamzere paja pamakhala anthu odziwika?

NACHISALE: Wa ku Bangwe adziwika ndi ndani? Ndim'perekeza ineyo Lolemba. Avale chipewa, masayawo ndikuwaona kuti dzuwa likuwapweteka.

NABANDA: Mukuwaona bwanji ali ku Bangwe?

NACHISALE: (Mokuwa) Make Yamikani! Lolemba mutisungire malo pampopi, ine ndi anaBanda tikupita ku Gulupu, kukhungu!

NABANDA: Tsitsani mawu, mfiti inu! Theka la anthu ali pampopiwo sanandilipire mabotolo a mwezi watha!