Kathirakitala kovala malamba anayi

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye chinthu chikandizunguza mutu ndimangofunsa. Ena amaseka, ena amayankha. Lachiwiri lapitali ndinafunsa mpaka dalaivala wina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madala, kapena ndinu a tirafiki mwangovula yunifomu?"

Ndinali pa Kabwazi kudikira wogula soya pamene pikapu yoyera inaima pafupi ndi okonza njinga. Inkakoka kangolo ka mateyala awiri, limodzi litaphweratu. Pakangolopo panali chinthu chobiriwira cha mpando wachikasu, chooneka ngati thirakitala, koma thirakitala yopinimbira, yoti inasowa phala ili mwana.

"Achimwene, kameneka kamalima mizere ingati pa tsiku?"

"Sikalima, madala. Kamatchetcha kapinga."

"Kutchetchera ng'ombe?"

"Ayi, kuti pabwalo pazioneka bwino."

"Nanga udzuwo?"

"Umatayidwa."

Ndinayang'ana mbuzi ziwiri zimene zinkalimbirana katoni kuseri kwa golosale, koma sindinanene kanthu. Ife kusukulu chikwakwa chinali chilango cha ochedwa. Kani kuli anthu amene amatchetcha atakhala pampando, akuwotcha petulo yemwe anzathu a kabaza amagonera pamzere? Aphunzitsi ena amene anaima nafe anatokosa foni yawo n'kutiwerengera kuti makina otchetchera kapinga anawayambitsa Mngelezi wina, Edwin Budding, mu 1830, ataonera makina ometa ubweya pansalu m'fakitale. Kampani ya John Deere, yomwe dzina lake linalembedwa pambali pa kathirakitalako, inatulutsa kathirakitala kake koyamba ka pakapinga mu 1963. Kwathu kuno chaka chimenecho tinali tisanalandire n'komwe ufulu.

Jeke inali yaing'ono, dothi lofewa, ndiye kuti asinthe teyala panafunika kutsitsa kaye katunduyo. Ndinafunsa kulemera kwake. Anati makilogalamu ngati 200.

"Matumba anayi okha a feteleza? Njinga yanga yakapalasa inasenzapo atatu. Nanga chingwe chonsechi n'chachiyani?"

"Thumba lilibe mateyala, madala. Mukaliika pansi limakhala. Aka kamafuna kupita."

Apo ndinagonja pang'ono.

Kutsitsa sikunavute. Pokweza m'pamene ndinaona mwambo. Teyala litalowa, dalaivala anabweza kangolo chafutambuyo mpaka kukagunda pakachulu kena, kuti mtunda wokwera uchepe. Anayala zitsulo ziwiri zonga makwerero, n'kuzimangirira kukangoloko. Ndinafunsa kuti chitsulo chongogona pansi achimangiranji. Anati teyala lakumbuyo likamakankha, chitsulo chosamanga chimathawira kumbuyo ngati mphasa pasimenti, ndiye makina amatsala m'malere. Kenako anakweza chimbale chapansi chimene mumakhala mipeni, kuti chisakodwe pamlomo pa kangolo.

"Bwanji osangokwera n'kuliza injini? Si galimoto kodi?"

Anapukusa mutu. Anati woyendetsa amakhala pamwamba pa mateyala akumbuyo, ndiye pamtunda wotere kutsogolo kumatha kunyamuka, makina n'kugudubuzika chagada, munthu ali pansi pake. Anakoka kachitsulo kena kumbuyo kuti mateyala amasuke, anthu anayi tinakankha injini ili chete, iye atagwira chiwongolero ali chapambali. Mnyamata wina anafuna kukankhira kumbuyo kwenikweni, pakati pa zitsulo zija, anamukalipira. Ndinamva thukuta kumsana ngakhale kamphepo ka ku Dedza kanali katayamba kale kuluma.

Titafika pamwamba ndinkati zatha, koma anatiuza kuti tisunthire kutsogolo pang'ono, tibwerere pang'ono, tisunthirenso, ngati tikuika mkwatibwi pojambulitsa. Ankafuna kuti kulemera kwambiri kukhale patsogolo pang'ono pa ekiselo. Ichi chokha sindinafunse, chifukwa ngolo ya ng'ombe ndinakulira nayo. Mukaunjika chimanga kumbuyo, mtanda umanyamuka, goli limakoka ng'ombe pakhosi. Mukaunjika kutsogolo kwambiri, ng'ombe zimagwada. Ndinamuuza zimenezi, anaseka. Anati kangolo kolemera kumbuyo kakafika patala kamayamba kuvina uku ndi uku, ndipo gule ameneyo amatha pikapu ili mudzenje.

Anamanga buleki, anazula kiyi n'kuika m'thumba la malaya, anatseka kampopi ka petulo, anapinga mateyala ndi zidutswa za thabwa. Ndiyeno anatulutsa malamba anayi a nsalu yolimba, aja okhala ndi kachitsulo kolira kuti kete kete kete pokunga. Lamba aliyense pangodya yake, awiri kukokera kutsogolo, awiri kumbuyo, ndipo ngowe ankaikola pachitsulo chenicheni chapansi, osati pachiwongolero kapena papulasitiki.

Ndinamasula malegeni panjinga panga n'kumupatsa, poti mlendo amathandizidwa. Anathokoza, koma anakana. Anati legeni imatamuka, ndipo chotamuka chimalola katundu kuyamba ulendo wake.

"Koma buleki mwamanga kale. Malamba ndi achiyaninso?"

"Buleki imagwira teyala kuti lisazungulire. Siletsa kudumpha. Msewu wanu uno mukuudziwa."

Aphunzitsi aja analowereranso. Anati ku America ndi ku Ulaya malamulo a zamtengatenga amafuna kuti zomangira zizitha kugwira katundu akakankhira kutsogolo ndi mphamvu yokwana magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kwake, chifukwa ndi mmene zimakhalira dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi. Ndinawerengera ndi zala. Pa makilogalamu 200, ndiye kuti 160 akuthamangira kumsana kwa dalaivala. Iye anavomera, n'kuwonjeza kuti asanalowe mumsewu wa M1 aimanso kuti akunge malambawo kachiwiri, poti mabampu amawamasula pang'onopang'ono.

Ndinagoma naye munthuyo, ndisaname. Wakhanda wobwera kuchokera kuchikuta sasamalidwa choncho.

Tili pomwepo inatulukira lole ya mbatata ya kachewere, yopita kumsika wa Wakawaka ku Lilongwe. Inkayenda mopendekeka ngati yathyoka nthiti. Matumba aja osokerera mitu anali atasanjidwa kupitirira denga la dalaivala, ndipo pamwamba pa matumbawo panali anthu. Ndinawerenga khumi ndi atatu, kupatula ana akumbuyo. Mlamu wanga anali kumapeto kwenikweni, miyendo ili lendelende kunja, dzanja limodzi pachingwe cha sisalo, linalo likundibayibitsa.

"Aphunzitsi, mphamvu ija ya magawo 8, imakankha makina okha?"

"Ayi, chilichonse."

"Ndi munthu yemwe?"

"Ndi munthu yemwe."

"Ndiye lole ija ikaponda buleki pamtsetse, mlamu wanga amugwira ndi chiyani?"

Aphunzitsi anabweza foni m'thumba. Anati lamulo la pamsewu lilipo, la 1997, ndipo nthambi yoona za chitetezo cha pamsewu iliponso. Ndinati zimenezo ndimamva pa wailesi. Chimene ndimaona ndi maso n'chakuti lole ikayandikira rodibuloko imaima chapatali, anthu amatsika, amadutsa wapansi ngati opita kumaliro, n'kukakweranso kutsogolo.

Ndinatembenukira kwa dalaivala wa pikapu.

"Inu mwamanga malamba anayi. Mumakakonda kwambiri kameneka?"

"Kakagwa ndilipira ndine, madala. Ndi mamiliyoni. Ntchito ithera pomwepo."

"Nanga mlamu wanga akagwa amalipira ndani?"

Anayang'ana fumbi la lole ija, n'kugogoda lamba mmodzi ndi chala kuti amve ngati walimba. Apa m'pamene anafunsa za yunifomu zija.

Mlamu wangayo si wopusa. Minibasi singanyamule matumba ake, ndipo akalekana nawo sadziwa ngati akawapeza onse ku Lilongwe. Dalaivala wa lole nayenso amati ndalama ya okwera pamwamba ndiyo imakwaniritsa ya dizilo. Aliyense ukamufunsa ali ndi yankho lomveka. Chimene sindikumvetsa ine n'chakuti chitsulo chometa udzu wotaya chinachoka pa Kabwazi chitapingidwa, chitamangidwa ngodya zonse, chili ndi pokaimanso kuti achione ngati chili bwino, pomwe mayi wa ana asanu anachoka atagwira chingwe ndi dzanja limodzi. Mwina inu ophunzira mukudziwa pamene masamu ake amakumana.

Loweruka ndikwera lole yomweyo ndi matumba anga asanu ndi limodzi. Ndinapempha malo kutsogolo, akuti kumeneko kumakhala mwini katundu wambiri.